Kuchoka ku Tete kupita ku Domwe ndi chingwe mchikwama

Lolemba 14 Julaye, Matundo

Shapa yoyamba ya ku Ulongwe ndaipeza itadzaza kale ngakhale ndinafika kusanache, nde ndili mu yachiwiri, imene kondakitala wakhala akunena kuti yatsala ndi anthu awiri okha kuyambira 6 koloko ndipo pano ikuyandikira 9. Ndalipira 550 meticais, kuonjezapo 100 ya chikwama chifukwa atachinyamula anati muli zitsulo umu. Sananame. Muli chingwe cha mamita 50 chonenepa 10.5 mm, makarabina 6 (ngowe za chitsulo zokhala ndi kachitseko, zokolowekapo chingwe), tizingwe tiwiri ta 6 mm, malamba awiri osokedwa, hanesi (malamba ovala mchiuno ndi mntchafu pomangirira chingwe) ndi helemeti. Pule, kagudumu koyendapo chingwe, ndaisiya dala, kumudzi palibe amene angaipeze nde kuonetsa anthu chinthu chimene sadzakhala nacho nkungotaya nthawi.

Ulendowu wayamba chifukwa cha msuweni wanga. Dzinja lathali mnyamata wina woweta ng'ombe anaterereka pa thanthwe lonyowa mphiri la Domwe nkugwera pa kamalo mamita ngati 8 pansi, mwendo unathyoka, anthu anamuponyera chingwe nadzimanga mmimba nkumukoka ndi manja basi. Anatuluka wamoyo koma nthiti zimene zinavulala chinavulaza ndi chingwecho, osati kugwako. Nde msuweniyo anandiimbira kuti paja iwe ku mgodi ku Moatize anakuphunzitsa za zingwe, ukapeza tchuthi ubwere udzationetse. Ine si wokwera mapiri ayi, ntchito yanga ndi ya pamwamba pa zitsulo, koma mfundo zake ndi zomwezo.

Podikirapo ndakhala ndikuyang'ana anyamata akumanga katundu pa telela. Wina wamanga chingwe mbali iyi, wachiponya pamwamba pa matumba, wapinda kalupu pakati pa chingwecho, nsonga waikoloweka pa mbedza ya pansi nkuibweza mkalupu muja, kenako wakoka ndi thupi lonse mpaka matumba akulira. Ndamufunsa anaphunzira kuti, wati kwa adalaivala a lole. Ndangoseka chamumtima chifukwa chimene wachitacho ndi chomwe ine ndanyamulira zitsulo zonsezi.

Lolemba madzulo, Ulongwe

Tinanyamuka cha mma 10. Pa mlatho wa Revubwe aliyense anasuzumira pansi, kuyambira pamene namondwe Ana anauphwanya mu Januwale 2022 anthu sawoloka pamenepo osayang'ana madzi. Moatize fumbi la malasha ndi malole monga mwa masiku onse, palibe chonena. Msewu wa ku Zobwe uli ndi maenje amene dalaivala wathu amawadziwa limodzi limodzi, amakhota asanawaone. Pa Mussacama, pamene timasiya wa ku Zobwe nkulowera kumpoto, tinaima nthawi yaitali kudikira munthu amene anatumiza uthenga kuti akubwera pa njinga yamoto. Ndinagula chipisi ndi kanyama ka mbuzi 120 meticais, mchere wambiri, tsabola wabwino.

Kuchoka apo nkukwera kokhakokha, ndipo mphepo inasintha ndili mtulo. Ndinachoka ku Tete ndi malaya a manja aafupi, juzi ili pansi penipeni pa chikwama chimene chili pansi pa matumba pa telela. Mayi ena amene anakhala pambali panga, amachokera ku chipatala kukaona mwana wawo, anandiona ndikunjenjemera nangomasula chitenje chimodzi mwa ziwiri zimene anafunda, "fundani bambo, kuno si ku Tete." Ndinachita manyazi koma ndinafunda, mwamuna wamkulu mchitenje cha maluwa makilomita onse otsalawo. Potsika ndinafuna kuwagulira fanta anakana, akuti mwana wawo akuchira nde lero sakufuna kulandira kanthu kwa munthu.

Chipinda 600 meticais, madzi osamba atenthetsa pa mbaula. Msana ukupweteka.

Lachiwiri 15 Julaye, msika wa Ulongwe

Pau awiri ndi tiyi wa mkaka, kenako kumsika kukafuna chingwe chimene anthu a kumudzi angathe kugula okha. Chimene chadzaza paliponse ndi cha buluu chija chopota, cha pulasitiki, 25 meticais pa mita chonenepako. Chomangira katundu ndi ng'ombe nchabwino, koma pa munthu ndimachiopa. Dzuwa limachidya mpaka chimayamba kutuluka ufa ukachipota, nchoterera nde mfundo zimamasuka zokha, ndiponso chimasungunuka pa kutentha kochepa, cha mma digiri 160, pamene nayiloni imapirira kupitirira 200. Chingwe chikamakhulana ndi chinzake pa katundu wolemera kutentha kumeneko sikuchedwa kufika. Wogulitsa anati ichi chimakoka galimoto bwana, ndinati inde koma galimoto ikaduka chingwe imangoima pamsewu. Ndagulabe mamita 20 chatsopano kuti tikayese nacho matumba, ndi kuti aone kusiyana kwake ndi maso awo.

Kuseri kwa msika amapakira mbatata ya kachewere mmalole opita ku Tete ndi ku Beira, matumba aatali aja osokerera pamwamba. Ndinaima pamenepo kuposa ola. Bambo ena achikulire ndi amene amamaliza kumanga, anyamata amangowaponyera chingwe. Ndinawapatsa moni nkuwapempha andionetse pang'onopang'ono mfundo ija ya dzulo, iwo anayamba andifunsa kwathu, nditatchula mudzi wa amalume anati aa ndiwe mwana wa konkuno, bwera. Manja awo ndi othamanga kuposa a mphunzitsi amene anatiphunzitsa ku ntchito. Ndinawafunsa chifukwa chake chingwe chimalimba chonchi akachibweza mkalupu, anati chifukwa ukukoka kamodzi koma chingwe chikugwira katatu. Mabuku amanenanso zomwezo, amangolemba 3:1. Anandionetsanso pamene chingwe chawo chinadyeka, pa kalupu pomwepo, akuti mwezi uliwonse amasuntha malo opindapo. Apo ndi pamene karabina imalowera, kuti chingwe chizitsetsereka pa chitsulo osati pa chingwe chinzake. Nditawapatsa imodzi kuti aigwire anaitembenuza nkuwerenga 24 kN yolembedwa pamsana, ndinati imeneyo ndi matani awiri ndi kuposerapo ikakhala yotseka ndipo ikukokedwa mlitali, koma kachitseko kakatseguka imatsika kufika 7 kapena 8 kN, osakwana tani imodzi. Anati nde ndi yodalirika ikatseka pakamwa, anyamata onse kuseka.

Masana njinga yamoto kupita kwa amalume, 300 meticais titakangana kuchoka pa 450, kudutsa cha ku Lifidzi, fumbi lofiira mpaka mmano. Mnyamatayo amathamanga ndipo chikwama chimandikokera kumbuyo pa chitunda chilichonse, ndinapemphera kangapo.

Lachitatu 16 Julaye, kwa amalume

Mmawa tinayamba kwa amfumu, chifukwa sungangofika nkuyamba kupachika zingwe mmitengo ya anthu. Ndinatenga shuga ndi sopo. Anatilola, anati bola ana asayesere okha.

Tinasankha mtengo wa bulugamu kumbuyo kwa khola pamene pali chigwembe chakuya mamita ngati 4. Munthu wathu wovulala anali thumba la chimanga la makilo 50 ndi lina la theka kumangirira pamodzi. Anabwera anyamata ngati khumi, atsikana atatu, ndi amalume pa mpando wawo patali pang'ono atafunda jekete, nkhope yokayika.

Choyamba pomangirira. Mtengo wamoyo, wonenepa kuposa ntchafu ya munthu wamkulu, ndipo umamanga pansi pa tsinde osati mmwamba. Ngati nsonga ya chingwe ndi imene ikugwira mtengo, ingozunguliza kanayi nkukoloweka kumapeto, makungwa amagwira okha ndipo chingwe sichitaya mphamvu, pamene mfundo iliyonse, ngakhale ya eyiti, yooneka ngati nambala 8, imene timaikhulupirira, imachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu. Ukamanga pa mitengo iwiri, zingwe ziwirizo zikumane mopanikizana, chifukwa zikatambasuka kufika madigiri 120 mtengo uliwonse ukusenza katundu yense osati theka. Izi ndinawaonetsa ndi ndowa ya madzi anthu awiri atagwira chingwe uku ndi uku, pamene amatalikirana manja amayamba kuwawa, palibe anafunsanso.

Kenako prusik. Kachingwe ka 6 mm kolumikiza kukhala lupu, umakazunguliza katatu pa chingwe chachikulu nkukalowetsa mkati mwake momwe. Ukakagwira ndi dzanja kamayenda, ukakakoka kumchira kamaluma osasuntha. Anaitulukira Karl Prusik wa ku Austria mu 1931 ndipo mpaka lero opulumutsa anthu mmapiri sayenda opanda tizingwe timeneti. Lamulo lake nlakuti kakhale kowonda kuposa chachikulucho, zikafanana kamangoterereka. Tinayesa pa cha buluu chija, kanagwira mokayikakayika kenako kanatsetsereka nkusiya chingwe chonyezimira pamene panatentha. Mtsikana wina wa sekondale ndi amene anayamba kuimanga bwino, mizere yake yogona mwadongosolo osapingasana, anyamata anakhumudwa. Amalume ali pa mpando anati imeneyo ndi nyemba zoyanga pa phesi la chimanga, ukazikoka ndi pamene zimagwiritsa.

Tsopano chokokera chenichenicho. Chingwe chikuchoka pa thumba mchigwembe, chikukwera mpaka pa mtengo, chikudutsa mkarabina yoyamba. Pamenepo pali prusik yoyamba, yomangirira ku mtengo, yoluma mbali yopita ku thumba, ntchito yake kugwira zimene mwakoka kuti zisabwerere. Chingwe chikubwerera cha kumphepete kwa chigwembe, chikudutsa mkarabina yachiwiri imene yakoloweka pa prusik yachiwiri yoluma chingwe chomwe chija chopita ku thumba, nde chikutembenukanso kubwera kwa okoka. Ukayang'ana pansi chalemba Z. Mukakoka mamita atatu thumba likukwera mita imodzi, prusik yachiwiri ikafika pafupi ndi mtengo mumasiya pang'onopang'ono yoyamba igwire, wina amakankhira yachiwiriyo kumphepete, mukuyambanso. Pa pepala munthu wa makilo 75 akuyenera kulemera 25, koma popanda pule karabina iliyonse imadya pafupifupi theka la mphamvu yodutsapo, nde zoona zake mumapeza ngati 2:1, makilo 40 kapena kuposa, osawerengera mphepete. Anyamata awiri analitulutsa thumba akucheza.

Apa amalume anadzuka. Anati mphwanga, zonsezi nzabwino koma kuno tikaimba mfuu pamabwera amuna makumi awiri, tikoka kamodzi munthu watuluka, za ma Z zachani. Ndipo sakunama, anthu akakhala ambiri kukoka mwachindunji nkofulumira, Z ndi ya pamene muli awiri kapena atatu pamwamba pa phiri. Koma ndinawapempha zinthu ziwiri ngakhale atakhala makumi awiri. Prusik ya pa mtengo ikhalepo, kuti wina akaterereka kapena manja akatopa munthu asabwerere pansi. Ndipo pakhale mmodzi womangirira amene wagona pamphepete akuyang'ana wovulalayo, iye yekha ndi amene azinena kokani ndi imani, chifukwa amuna makumi awiri samva kuti phewa la munthu lakodwa pansi pa mwala, amangoona ngati kwalemera nkuonjeza mphamvu. Amalume anakhala chete nkunena kuti mnyamata uja zinachitika choncho.

Madzulo nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mpiru wotendera, azakhali akundiwonjezera osafunsa. Netiweki ya Movitel imagwira pa chulu chokha nde ndikutumiza izi nditaima pa chulu mumdima, kukuzizira koopsa.

Lachinayi 17 Julaye, phiri la Domwe

Tinanyamuka nkhuku zisanatsike, ine, msuweni wanga, anyamata awiri ndi mtsikana uja atapempha kwa mayi ake. Mmunsi ndi minda ya mbatata ndi nyemba, kenako udzu wautali wonyowa ndi mame mpaka mchiuno, kenako miyala. Phirili limapitirira mamita 2000 ndipo mapapo anga a ku Tete anadziwa zimenezo msanga, ndimaima ngati ndikufuna kujambula chithunzi pamene ndikufuna mpweya. Msuweni amaloza malo nkumafotokoza za Angoni a Maseko amene anakhazikika kuno mzaka za mma 1800, nthawi ya atsogoleri awo Chidyaonga ndi Chikuse, akuti agogo athu amanena kuti pamwambapa umaona mdani akadali ulendo wa tsiku lonse. Lero sitinaone kanthu, nkhungu inatseka mbali ya ku Dedza yonse.

Sitinapite pamene anagwera mnyamata uja, ndinakana, mwala wake ngosalala ndipo palibe mtengo. Tinapeza thanthwe lotsetsereka mamita ngati 10 lokhala ndi malo abwino pansi, pamwamba pali mwala waukulu wokhazikika umene tinaukankha anthu anayi osagwedezeka, tinauzunguliza lamba titaika thumba lopanda kanthu pa ngodya yakuthwa.

Kutsitsa munthu kumafuna mfundo ina, Munter, dzina la Werner Munter wa ku Switzerland. Ndi kupinda kumodzi kokha mkarabina yaikulu yokhala ndi loko, chingwe chimadzikhula chokha ndipo dzanja limodzi limatha kugwira munthu wamkulu, bola dzanjalo lisasiye. Vuto lake imapota chingwe, ukamaliza chimakhala chopiringizika. Ndinaika prusik kumbuyo kwake ngati chitetezo, mtsikana uja ndi amene amaiyendetsa.

Woyamba kutsika ndinayenera kukhala ine, sungauze ana a eni ake kuti tsikani iwe uli pamwamba. Kunena zoona pamene ndinatembenuka nkupereka msana ku phompho, podziwa kuti chingwe chili mmanja mwa msuweni amene waphunzira mfundoyi dzulo, miyendo inanjenjemera ndipo sikunali kuzizira. Ku ntchito timakhala ndi zingwe ziwiri ndi munthu woyang'anira, kuno chimodzi. Ananditsitsa bwinobwino, mwina pang'onopang'ono kuposa mmene zimafunikira. Ndili pansi ndinakhala ngati wothyoka mwendo, osawathandiza ngakhale pang'ono, iwo pamwamba anasintha okha kuchoka pa Munter kupita pa Z, ndimangomva akukangana kuti karabina iyi ikulowa uku ayi uku. Zinatenga nthawi, mwala unali wozizira, ndinayamba kuganiza za ana anga.

Atayamba kukoka ndinakwera mita imodzi nkuima. Anafuula kuti kwalemera zedi. Chinali chingwe chikukhula pamphepete pa thanthwe, ndipo mphepete imadya mphamvu kuposa makarabina onse. Ndisananene kanthu mnyamata mmodzi anatenga mpini wa khasu umene amayendera ngati ndodo, anaulowetsa pansi pa chingwe pamphepetepo nkuumangirira ndi linya ku chitsamba kuti usandigwere pamutu. Mpini wosalala ndi manja a zaka zambiri, chingwe chinayamba kuyenda. Zimenezo sindinawaphunzitse. Ndinafika pamwamba bondo litasupuka pang'ono, kenako aliyense anatsika nkukokedwa, womaliza mtsikana uja amene anafika akuseka.

Tinadya mbatata yootcha yozizira ndi mapeyala, madzi a pa kasupe. Potsika mawondo anga anatha, msuweni ananyamula chikwama osandifunsa ndipo sindinakane.

Lachisanu 18 Julaye

Ndimafuna kugona tsiku lonse koma kunabwera abambo awiri okumba zitsime a mudzi wa tsidya, amva kuti kuli wa zingwe. Iwo ndi amene akufunika zimenezi kuposa okwera phiri, amalowa pansi mamita 12 kapena 15 sabata iliyonse. Ali kale ndi mitengo itatu yoimika pamwamba pa dzenje ndi gudumu la njinga lopanda tayala ngati pule, ndipo gudumulo limagwira bwino kuposa karabina yanga, chingwe chimayenda mopepuka. Chimene alibe ndi chogwira chingwe wokoka akasiya. Ndinawaonetsa prusik, mmodzi anaimanga nkuimasula kangapo osalankhula kenako anapachikapo thupi lake lonse pa nthambi ya mango.

Tinakambanso zomanga munthu. Chingwe cha mmimba kapena mchifuwa chokha chimakwera nkufinya nthiti, munthu amalephera kupuma mmphindi zochepa, makamaka ngati ndi mfundo yothina yokha ija yomangira mbuzi. Kulemera kukhale mntchafu. Lamba kapena chingwe chopinda pawiri chidutse kumbuyo kwa matako, mbali ziwiri zibwere kutsogolo mchiuno, yachitatu itulukire pakati pa miyendo, zitatuzo zikumane pa karabina imodzi, ndipo ngati munthuyo wakomoka muonjezere china mchifuwa chongomuimika kuti asagadabuke. Akatuluka asakhale cholendewera nthawi yaitali, magazi amaunjikana mmiyendo.

Pa za mpweya woipa iwo ndi amene anandiphunzitsa ine. Asanalowe chitsime chakale amatsitsa kandulo yoyaka, ikazima salowa, amayamba akupiza ndi nthambi za masamba zomanga pa chingwe kukweza nkutsitsa. Anati chovuta ndi achibale, munthu akakomoka pansi mbale wake amalumphiramo osamanga kanthu nde mumatulutsa awiri. Ku mgodi timauzidwa chimodzimodzi, wolowa kukapulumutsa alowe ali pa chingwe chake ndipo okoka akhale okonzeka kale. Ndinangowonjeza kuti kandulo isayandikire dzenje la chimbudzi kapena pamene pakununkha petulo, mpweya wa mmenemo umayaka.

Anandisiyira nkhuku yamoyo. Azakhali akuti ndipite nayo ku Tete, ine ndikuti tidye konkuno.

Loweruka 19 Julaye, Ulongwe

Nkhuku tinadya. Tizingwe ta prusik tonse tiwiri, makarabina atatu ndi lamba mmodzi ndasiya kwa msuweni, tagwirizana kuti zizikhala mthumba mnyumba osati padzuwa kapena pafupi ndi batire ya sola chifukwa asidi amadya nayiloni osaoneka, ndipo aliyense wobwereka azibweza tsiku lomwelo. Chingwe chachikulu ndabwerera nacho, amalume anachiyang'ana kwambiri koma ndikudziwa kuti mwezi usanathe chikanakhala pa ngolo. Okumba zitsime aja ndawalonjeza kuwafunira mamita 30 a nayiloni ku Tete, atumiza ndalama pa e-Mola akagulitsa mbatata.

Shapa ya ku Tete yakwera kufika 600, akuti Loweruka. Ndakhala pa mpando wa kumbuyo pakati pa thumba la kabichi ndi mnyamata wa sipika, juzi ndavala kale ngakhale ndikudziwa kuti pofika pa Mussacama ndidzakhala ndikuivula. Batire ili pa 9%, kondakitala akuti tatsala ndi anthu awiri.